Buluku la mawanga: sabata imodzi ku Lilongwe

Lolemba

Ndafika ku Lilongwe dzuwa litapendeka kale. Ku Zomba ndinanyamuka m'bandakucha, koma basi inatha nthawi pa Liwonde kudikira anthu, moti pofika pa Lizulu n'kuti m'mimba mukulira. Pamenepo amayi a kabichi, karoti ndi kachewere anatiunjirira m'mawindo, ine n'kugulako kandowa ka kachewere, poti kwa eni sufika chimanjamanja. Okutobala wa chaka chino wabwera ndi ukali. Kuyambira Linthipe mpaka Nathenje minda ili mbee, mizere yokhayokha, kudikira mvula.

Chandiyendetsa ndi chithunzi. Tagwirizana pabanja kuti chaka chino timange chiliza cha agogo athu aamuna, bambo awo a mayi, ndipo aliyense akufuna chithunzi chawo m'nyumba mwake. Chilipo chimodzi chokha, chimene anajambulitsa atabwerako ku nkhondo ya ku Burma, ndipo chayamba kudyeka m'mphepete. Ndachikulunga pansalu n'kuchiika pakati pa buku kuti chisapindike. Achemwali anga akuti kuno kuli anyamata odziwa kukonza zithunzi zakale pa kompyuta.

Pa depoti panali piringupiringu wa masiku onse: oitanira kulimbirana chikwama changa, a kabaza kuliza mahutala, ana ogulitsa madzi ozizira kupanikizana pakhomo la basi. Wodzandichingamira anali mphwanga, mwana wachisamba wa achemwali, amene walemba Fomu 4 chaka chino. Papita zaka zitatu tisanaonane ndipo watalika kundiposa, koma sindinavutike kumupeza. M'chikhamu chonsecho maso anga anayamba agwera pa buluku lake, lamawangamawanga obiriwira, ofiirira ndi akuda ngati la msilikali, kenako ndiye pankhope.

"Amalume, mwayenda bwanji?"

"Ndayenda bwino, mphwanga. Buluku limeneli walitenga kuti?"

"Ku Tsoka, amalume. Ndi kombati. Panopa ndi imene ili m'fasho."

Sindinayankhe, koma mumtima nkhani inali itayamba. Ine ndakulira kufupi ndi Cobbe Barracks, ndipo ntchito yanga ndi kuphunzitsa mbiri yakale ku sekondale. Nsalu imeneyi ndikudziwa chimene anaipangira: kuti munthu asaoneke. Lero ndi yomweyo yandionetsa mphwanga pakati pa anthu mazanamazana.

Tinakwera minibasi yodzera ku Kawale mpaka ku Area 23. Achemwali anali ataphika nsima ya usipa ndi mpiru wotendera. Titatha kudya ndinatulutsa chithunzi chija, iwo anachigwira ndi manja awiri, nthawi yaitali osanena kanthu.

Lachiwiri

Ndinamupempha mphwanga kuti anditengere kumene anagula buluku lija. Msika wa Tsoka uli m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, ndipo pochoka ku msika waukulu umawoloka pa timilatho tamitengo ndi matabwa timene anthu anadzimangira okha, n'kusiya kandalama kwa mwini mlatho. Matabwa amagwedera ukaponda, pansi madzi ochepa akuda akuyenda mwaulesi. Ukangotsika tsidya linalo wafika m'dziko la kaunjika. Milumilu ya zovala, nsapato zopachikidwa pazingwe, anyamata akukuwa mitengo mpaka mawu kusasa, ndipo pamene akutsegula belo latsopano amayi amaima mozungulira, aliyense dzanja lili chire.

Tinaima kwa mnyamata wina wogulitsa majinzi. Pa benchi pake panalibe chamawanga ngakhale chimodzi. Mphwanga atamunong'oneza, iye anayamba wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Madala awa ndi ndani?"

"Ndi amalume anga. Ndi aphunzitsi."

Apo m'pamene anawerama n'kusolola thumba pansi pa benchi. "Pepani madala, zimenezi sitiyala poyera. Timagulitsa kwa amene tikumudziwa."

Chifukwa chake n'chodziwika. Asilikali a MDF achenjezapo kangapo kuti anthu wamba asamavale zovala zofanana ndi zawo. Si kuno kokha: ku Zimbabwe, ku Zambia, ku Uganda, ku Nigeria, ngakhale kutali ku Jamaica ndi Barbados, munthu wamba saloledwa kuvala nsalu imeneyi. Ine chenjezoli ndimalimvetsa. Mbava ikavala ngati msilikali n'kuimika galimoto usiku, ndani angakane kuima? Ndinamuuza mphwanga pomwepo, pamaso pa mnzakeyo, kuti nkhaniyi asaitenge mwachibwana.

M'thumbamo munali zinthu zisanu ndi chimodzi. Zambiri zinali za m'sitolo chabe: kabudula wopyapyala, kasiketi ka mwana ka mawanga a pinki ndi oyera, chipewa cha mawanga a timabokosi ting'onoting'ono. Koma chimodzi chinali chenicheni, jekete lochokera kwa msilikali ndithu. Ndinalizindikira pongoligwira. Nsalu yake yolimba, ndipo ukaiyandikiza kumaso umaona timizere ta ulusi wokhuthala todutsana ngati sefa, kuti ikang'ambika isapitirire. Mabatani abisika pansi pa chipindo kuti asakole mu udzu. Pamwamba pa thumba la pachifuwa panali kachigawo kosasuluka ngati nsalu ina yonse, kozunguliridwa ndi timabowo ta singano. Pamenepo panali dzina la munthu, wina anachita kulisomola. Ndinayendetsa chala pa timabowoto ndikuganiza za mwini wake, kaya ali moyo kaya anapita. Mawanga ake ndi amene amawatcha Woodland, a mitundu inayi, amene asilikali a ku America anayamba kuvala mu 1981, ndipo maiko ambiri anatengera.

Sindinagule. Tinakakhala pa chiwaya china kuseri kwa msika, tikudya tchipisi chothira kabichi ndi tsabola, ndiye ndinayamba kumufotokozera mphwanga kumene zinachokera.

Kalekale msilikali wa ku Ulaya ankavala kuti aoneke. Angerezi ankavala majekete ofiira kuti psuu, chifukwa mfuti za nthawiyo sizinkafika patali, ndipo utsi wa onga unkaphimba bwalo lonse la nkhondo moti mtsogoleri ankafuna kuzindikira anthu ake. Kusintha kunayambira ku India. Mu 1846 Mngerezi wina, Harry Lumsden, anakhazikitsa gulu la asilikali lotchedwa Corps of Guides, ndipo posakhalitsa anawaveka zovala zonyikidwa kuti zifanane ndi dothi la kumeneko. Liwu loti khaki ndi la kumeneko, limatanthauza mtundu wa fumbi. Khaki yemwe uja wa kabudula wa kusukulu, yemwe uja ankavala amesenjala a kwa DC, chiyambi chake ndi chimenecho. Mfuti zitayamba kuponya patali, onga wopanda utsi n'kubwera m'zaka za m'ma 1880, kuvala zowala kunasanduka kudziitanira imfa. Angerezi anaphunzira zimenezi movutika pa nkhondo yolimbana ndi Mabunu ku South Africa, ya 1899 mpaka 1902, ndipo kuchokera mu 1902 khaki anakhala chovala cha ntchito cha gulu lawo lonse.

Afalansa ndiwo anachedwa. Mu 1914 analowa m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse atavala mabuluku ofiira, ena mwa akuluakulu awo akuumirira kuti umenewo ndiwo ulemu wa dziko. Pa 22 Ogasiti chaka chimenecho anataya asilikali pafupifupi 27,000 tsiku limodzi. Si buluku lokha linawaphetsa, analinso kuthamangira mfuti zazikulu poyera, koma chaka chotsatira mabuluku ofiira aja anachotsedwa.

Mphwanga anasiya kutafuna. "Tsiku limodzi, amalume?"

"Tsiku limodzi."

Lachitatu

Lero ndinafuna mthunzi. Pakati pa Old Town ndi City Centre pali nkhalango imene inasiyidwa dala m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi, kumene kuli Lilongwe Wildlife Centre. Ukalowa pang'ono phokoso la magalimoto a mumsewu wa Kenyatta limayamba kuzilala, n'kutsala kulira kwa nyenje ndi masamba ouma akuphwanyika kuphazi. N'zodabwitsa kuti malo otere alipo pakati pa likulu la dziko.

Tinayenda ndi bambo wina wodziwa njira za m'menemo. Pena anangoima n'kukweza dzanja. Ine ndinayang'ana kumene ankaloza, osaona kanthu, zitsamba zouma basi. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita kanthawi khutu linagwedera, ndipo mozungulira khutulo munatuluka mbawala yathunthu, itaima chiimire pamtunda wosakwana mayadi makumi awiri. Timadontho toyera ta m'nthiti mwake tinali ngati kuwala kwa dzuwa kodutsa m'masamba. Sinabisale kuseri kwa chilichonse. Inali poyera, maso anga ndiwo ankakana kuilumikiza kukhala nyama.

Chinsinsi cha mawanga chagona pamenepo. Diso la munthu limafunafuna mzere wozungulira chinthu, mutu, phewa, msana. Mawanga amaduladula mzerewo. Palinso china chimene Abbott Thayer, katswiri wojambula wa ku America, anachifotokoza m'buku limene anatulutsa ndi mwana wake mu 1909: nyama zambiri n'zakuda kumsana, zoyera kumimba. Dzuwa limawalitsa kumsanako, mthunzi n'kudetsa kumimbako, ziwirizo zikakumana nyama imaoneka yafulati ngati chithunzi chosatha kujambulidwa. Taonani gwape, taonani chambo, mudzavomereza.

Pobwerera, mphwanga ndiye anaona bilimankhwe panthambi ya m'munsi. Anabwerera m'mbuyo, paja ambiri tinakula tikumuopa. Ine ndinagwada pafupi. Anali wobiriwira motuwa, akuyenda monga amayendera, phazi kutsogolo, kuima, kugwedera ngati tsamba la pamphepo, diso limodzi kwa ine lina kumwamba. Nditayandikiza kamtengo anafufuma, khosi n'kutupa, thupi lonse n'kuchita madontho akuda. Anthu amati bilimankhwe amasintha mtundu pofuna kufanana ndi pamene wakhala. Akatswiri a zamoyo anapeza kuti nthawi zambiri amasintha pofuna kulankhula: wakwiya, akufuna mkazi, akuopseza mnzake, kapena wazizidwa akufuna kutentha kwa dzuwa. Khungu lomwelo n'lobisalira, khungu lomwelo n'lonenera kuti ndili pano. Ndinayang'ana buluku la mphwanga, lero analivalanso.

Afalansa aja, atapsa ndi mabuluku ofiira, ndiwo anayamba kukhazikitsa gulu lapadera la ntchito yobisa, mu 1915. Analitsogolera Lucien-Victor Guirand de Scévola, munthu wojambula zithunzi, ndipo anasonkhanitsa anzake ojambula, osema ndi okongoletsa nsanja za zisudzo. Ankapenta mizinga, kuluka maukonde ophimbira misewu, ngakhale kupanga mitengo yabodza yamphako yoti msilikali azisuzumiramo. Liwu loti kamofulaji ndi lachifalansa, linafala nthawi imeneyo. Ndipo chizindikiro cha gululo chinali bilimankhwe.

Panyanja nkhani inali ina. Sitima yaikulu yotulutsa utsi sungaibise. Ndiye mu 1917 Norman Wilkinson, wojambulanso, anauza Angerezi kuti m'malo moibisa aipente mizeremizere yokhotakhota ngati mbidzi, kuti mdani wosuzumira kuchokera m'sitima ya pansi pa madzi asadziwe kumene yalunjika ndi liwiro lake, aponye bomba lake padera. Nkhondo itangotha, mu 1919, ku London kunachitika dansi yaikulu imene anthu anavala zovala za mizere yomweyo. Ndiye kuti fasho sinadikire n'komwe kuti misozi iume.

Nsalu yodindidwa mawanga kufakitale yoti msilikali azidzifunditsa inayamba ndi Ataliyana mu 1929. Afalansa anadzatulutsa yawo mu 1947, ya mizere yokhala ngati yopaka ndi burashi, imene inatchuka ndi dzina loti buluzi. Apwitikizi anaitengera, ndipo ndi imene ankavala pomenyana ndi Frelimo kuseri kwa malire athuwa, kuyambira 1964 mpaka 1974. Pamenepa ndinakumbuka nthano ya agogo aakazi: Chauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso, n'kutumanso buluzi ndi uthenga woti akafa afa ndithu. Buluzi anathamanga, anafika poyamba. Ndinamusimbira mphwanga tikutuluka pachipata. Akuti anali asanaimvepo.

Lachinayi

M'mawa tinapita ndi chithunzi ku situdiyo ina ku Area 3. Mtsikana wa pa kompyuta anachiika pa makina, nkhope ya agogo n'kudzaza sikirini yonse. Ndinaona zimene ndinali ndisanazionepo zaka zonsezi: chipsera chaching'ono pachibwano, ndi ulusi wa mtundu wina pamene anasokerera batani la thumba. Anatiuza kuti tidikire maola awiri.

Tili pabenchi panja, mphwanga anatulutsa foni n'kundionetsa oimba amene amawakonda, a kuno ndi akunja, ambiri atavala mawanga. Ndinamufunsa chimene amachikondera. Anaganiza kaye.

"Ukavala umaoneka wolimba, amalume. Anthu sakuderera."

Yankho limenelo linandikhudza, chifukwa ndi la mnyamata amene sakudziwa ngati apeze malo ku koleji kapena ntchito, m'tauni imene munthu wopanda kanthu saonedwa. Ndipo njira imene nsaluyi inadzera kuchoka ku nkhondo kufika kwa iye ndi ya anthu otero. Nkhondo yachiwiri itatha, maboma anatsala ndi milu ya zovala n'kuzigulitsa motchipa, ozigula anali alenje, amphawi ndi ana asukulu. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, asilikali ena a ku America obwerako anayenda m'misewu atavala yunifolomu zawo zomwezo potsutsa nkhondoyo. Kenako oimba achikuda a m'mizinda ya kumeneko anaitenga ngati chovala cha munthu amene moyo wake ndi nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Mu 1986 Andy Warhol, katswiri wojambula wa ku America, anajambula mawangawa m'mitundu yowala, yofiira, yapinki, yachikasu, yosabisa kanthu. Ku Tokyo kampani ya A Bathing Ape, imene inayamba mu 1993, inawasandutsa chovala chodula cha achinyamata. Zikatha ntchito kumeneko amazimanga m'mabelo, ulendo wa ku Tsoka. Kwathu kuno tinali ndi malemu Lucius Banda, amene tonse tinkangowatchula kuti Soja, msilikali wa amphawi, ndipo ankakwera pansanja atavala zachisilikali anthu n'kumva tanthauzo lake popanda wowamasulira.

Zithunzi zinatuluka bwino, zisanu ndi zitatu.

Usiku magetsi anazima, tinakhala pakhonde ndi alamu anga. Iwo anakulira mumzinda muno, ndipo nkhani ya mawanga itafika kwa iwo anangoti, "Ine mawanga ndinawaona bwino mu Disembala 1993." Amanena Operation Bwezani, pamene asilikali anatuluka m'mabalaki kukalanda zida a Payoniya, asilikali awiri ataphedwa ku Mzuzu. Akuti mfuti zinalira m'tauni muno, anthu n'kugona pansi m'nyumba, koma magalimoto a asilikali akamadutsa ena ankatuluka kukawaimbira m'manja. Mphwanga anamvetsera ali duu. Bambo ake anali asanamuuzepo zimenezi, ndipo chaka chimenecho iwo anali ndi zaka zomwe iye ali nazo lero.

Lachisanu

Ndinati lero tipite ku chipilala chokumbukira asilikali ku Area 18. Mphwanga anatuluka m'chipinda atavala buluku lakuda ndi shati yoyera. Palibe anamuuza.

Chipilalacho ndi nsanja yaitali yoonekera patali, pafupi ndi Capital Hill, ndipo kutsogolo kwake kuli chiboliboli cha Kamuzu atavala suti ndi chipewa, litchowa lili m'manja. Mu Novembala, pa tsiku lokumbukira amene anafera ku nkhondo, pamadzaza akuluakulu ndi nkhata za maluwa. Lero panali zii, mlonda ndi ana awiri ongodutsa. Tinakhala pamasitepe pamene panali kamthunzi, ine n'kutulutsa chimodzi mwa zithunzi zija.

Agogo aima chilili, manja m'mbali, avala shati ndi kabudula wa khaki, chipewa chopinda mbali imodzi. Anali a Keyala, King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri anali a kuno ku Nyasaland. Mu 1944 anali m'chigwa cha Kabaw ku Burma, kumenyana ndi Ajapani m'nyengo ya mvula. Sankakonda kusimba. Zimene ndinatolako ndili mwana ndi zochepa: mvula yosakata sabata ndi sabata, misundu yolowa mpaka m'nsapato, malungo, ndi kuti khaki ankawala kwambiri m'nkhalango imeneyo moti anawapatsa zovala zobiriwira. Ankati m'nkhalango muja umamva mdani akutsokomola koma osamuona, iyenso osakuona. Anthu awiri obisalirana, onse kutali ndi kwawo.

Koma amene ndinkafuna kuti mphwanga amve ndi bambo awo a agogowo. Nkhondo yoyamba inafika m'dziko muno msanga, ku Karonga anamenyana ndi Ajeremani mu Seputembala 1914, ndipo inapitirira mpaka 1918 kuthamangitsana ndi gulu la mtsogoleri wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, m'tchire la Tanganyika ndi Mozambique. Makolo athu anaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolira mosalekeza. Ndinamukumbutsa mphwanga kuti Lachiwiri tinadya tchipisi pa chiwaya, liwu lake ndi lomwelo. M'tchire limenelo munalibe misewu, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, ndiye chakudya, zipolopolo ndi mahema zonse zinayenda pamitu ya anthu. Amenewo ndiwo a tengatenga. M'dziko laling'ono ngati lino anatengedwa amuna pafupifupi 200,000, ambiri mokakamizidwa kudzera kwa mafumu. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 kudandaula kuti anthu osauka akukafera nkhondo imene si yawo, ndipo patangopita miyezi iwiri anaukira.

Bambo awo a agogo anatengedwa akulima, mkazi wawo ali ndi pakati. Anabwerako kamodzi, ataonda, anakhala miyezi yowerengeka n'kutengedwanso. Ulendo wachiwiriwo anabwerako akutsokomola, ndipo sanakhalitse. Iwo sanapatsidwe mfuti, sanajambulitse chithunzi. Pa chipilala cha Keyala ku Zomba pali maina a asilikali, ndapitako kambirimbiri ndi ana asukulu, koma dzina lawo palibe. A tengatenga ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo m'mphepete mwa njira, n'kukwiriridwa pamene anagwerapo. Zimandiwawa. Msilikali anabisidwa ndi nsalu kwa kanthawi kuti apulumuke, koma anthu amene anamusenzera chakudya anabisika mpaka lero, opanda nsalu iliyonse.

Ndinamuuzanso za a Chancy Chitete, chifukwa nkhaniyi si yakale yokha. Mu 2013 asilikali athu anatumizidwa kum'mawa kwa DRC pansi pa United Nations, pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni, a Chitete anatuluka pamene anabisala kukakoka msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, n'kumufikitsa pabwino, iwo n'kuwomberedwa. Mnzawoyo anapulumuka. Chaka chotsatira United Nations inawapatsa mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu koposa kwa osungitsa mtendere, ndipo anakalandira ndi akubanja. Asilikali amenewa amavala mawanga thupi lonse, koma kumutu chisoti chabuluu chowala, kuti mayi wothawa nkhondo awazindikire ali patali.

Mphwanga anatenga chithunzi chija m'manja mwanga, anachiyang'ana, n'kundifunsa ngati mphuno yake ikufanana ndi ya agogo. Ikufanana.

Loweruka

Alamu anatitengera kumudzi kwawo, cha ku Mitundu, kumene kunali chinkhoswe cha mwana wa achimwene awo. Msewu wafumbi titapatuka pa tala, fumbi lofiira mpaka m'mano. Nkhani za chinkhoswe ndisiya, zinayenda bwino, nkhuku inaperekedwa, ankhoswe anagwirana chanza. Chimene ndikufuna kulemba ndi mganda umene unavinidwa dzuwa litapepa.

Analowa m'bwalo m'mizere itatu, amuna okhaokha, akulu ndi anyamata. Shati zoyera zositidwa mpaka mzere kuthwa, makabudula oyera, sokosi zofika m'mawondo, nsapato zopolishidwa ngakhale kuti bwalo lake ndi fumbi lokhalokha. Ng'oma yaikulu ikugunda pakati, kumbuyo anyamata akuuzira mabadza, zikho zija zolira ngati malipenga. Kutsogolo mkulu wina wa imvi, wezulo pakamwa, kandodo m'khwapa. Akaliza wezulo mzere wonse umatembenuka kamodzi, phazi n'kumenya pansi limodzi, kenako mapewa amayamba kuseweretsedwa monyada, mwaulemu, mosafulumira. Amayi nthungululu, ena kuthamangira m'bwalo kukapukuta thukuta ovina ndi mipango.

Aliyense woona amadziwa kuti iyi ndi perete ya asilikali. Mganda wa kuno, malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, beni wa ku Mangochi, onsewa ndi a banja limodzi. Beni anayambira m'matauni a m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku East Africa m'zaka za m'ma 1890, dzina lake likuchokera ku bandi ya asilikali, ndipo magule amenewa anafalikira kuno ndi amuna obwera ku nkhondo ya Chiwaya. Anthu amene anazunzika m'nkhondo ya eni anabwera n'kutenga perete ya azungu aja, maudindo awo, malipenga awo, n'kuzisandutsa gule wa pamudzi, mfumu yake ndi akapitawo ake ali anthu akuda. Sanatenge zobisala. Anatenga zoyera, zowala, zoti mudzi wonse uwaone.

Ndinaima pafupi ndi gogo wina amene ankaonerera atatsamira ndodo. Ndinawafunsa ngati anavinapo.

"Aphunzitsi, ine ndinali wa kutsogolo zaka makumi awiri. Shati imeneyo tinkasita ndi simbi yamakala usiku, m'mawa osalola mwana aliyense kuigwira."

Nditacheuka ndinaona mphwanga ali kumapeto kwa mzere wachitatu, pamodzi ndi anyamata ena a m'tauni, akuyesa kutsatira phazi. Ankaphonya potembenuka, mkulu wa wezulo uja n'kumubweza ndi kandodo, iye n'kuyambiranso.

Lamulungu

Tapemphera mapemphero a m'mawa, kenako ulendo. Achemwali andipakira ufa ndi mtedza, zithunzi zitatu zatsala kuno, zisanu ndikupita nazo ku Zomba. Chakale chija ndachibwezera m'nsalu yake.

Mphwanga anandinyamulira chikwama mpaka pa depoti. Kumwamba kunali mitambo yoyamba, yakuda cha kumadzulo, ndipo mphepo inkanunkhira mvula ya kutali. Nditakhala pampando wa pawindo anagogoda galasi, n'kutulutsa m'thumba la shati chithunzi chimene mayi ake anamupatsa.

"Amalume, bambo awo a agogo aja, a tengatenga aja, dzina lawo anali ndani?"

Ndinamuuza dzina, ndi mfunda wawo, ndi mudzi umene anawatengako. Anabwereka cholembera kwa kondakitala, anatsamiritsa chithunzicho pa chitsulo cha basi n'kulemba kuseri kwake, pansi pa dzina la agogo. Anandionetsa pagalasi kuti ndione ngati walemba bwino. Chilembo chimodzi chinasowa, ndinamuuza, anakonza, basi n'kuyamba kubwerera m'mbuyo.